Mzere ukutsika pa pulesha yaikulu: vuto ndi makala, makina kapena masamu?

Mwathira makala a activated carbon m'kabotolo kachitsulo, mwawaumitsa usiku wonse, m'mawa mwayamba kulowetsa methane pang'onopang'ono. Pa 5 bar zonse zili bwino. Pa 30 bar mzere wa isotherm, womwe umaonetsa gasi amene makala ameza pa pulesha iliyonse, ukukwerabe. Pofika cha m'ma 80 kapena 100 bar mzere uja ukuwerama n'kuyamba kutsika, ngati kuti makala ayamba kulavula gasi amene anameza kale. Mukabwereza pa kutentha kwina kuti mupeze isosteric heat, ndiko kuti kutentha kumene gasi amatulutsa pomatirira pa makala, manambala akutuluka obalalika: apa 19 kJ/mol, apo 60, kwina atsika mpaka kupitirira ziro. Vuto limeneli silitha m'malabotale, limabweranso ndi wophunzira aliyense watsopano, ndipo kawirikawiri oyamba kunenezedwa amakhala makala.

Pali chinthu chimodzi choti mugwire musanakhudze sipanala. Makina oyezera ndi pulesha, omwe ambiri amawatcha a Sieverts, saona gasi amene wamatirira m'timabowo ta makala. Amawerenga gasi amene mwalowetsa, amachotsapo gasi amene akuganiza kuti akadali wotayirira m'mapaipi ndi m'mipata, ndipo chotsalacho ndicho amachitcha adsorption. Pa pulesha yochepa gasi wotayirirayo ndi wochepa, ndiye ngakhale mutamuwerenga molakwika pang'ono palibe chimaonongeka. Pa 100 bar amachuluka kangapo kuposa womatirira. Zili ngati kufuna kudziwa kulemera kwa thumba limodzi la chimanga poyeza lole yonse yodzaza, kenako kuiyezanso mutatsitsa thumba limodzilo. Sikelo ikaphonya pang'ono chabe, yankho lonse lapita. Choncho pafupifupi mavuto onse ali m'kawerengedwe ka gasi amene sanamatirire.

Kutsika kwina n'koona, musakukonze

Chimene makina amapereka ndi excess adsorption, ganizo lochokera kwa J. Willard Gibbs m'zaka za m'ma 1870. Ndi gasi woposa amene akanakhala m'timabowomo ngati makala akanakhala opanda mphamvu yokoka. Polemba: n ya excess = n ya absolute − ρ × V, pomwe n ndi kuchuluka kwa gasi, absolute ndi gasi yense womatirira, ρ ndi density ya gasi wotayirira ndipo V ndi malo amene gasi womatirira watenga. Timabowo tikayandikira kudzaza, absolute imasiya kukwera, koma ρ imakwerabe ndi pulesha. Chochotsera chikukula, chochotsedwako chaima, ndiye excess iyenera kutsika. Makala sakulavula kanthu.

Zimenezi zimaoneka bwino pa gasi amene ali pamwamba pa critical temperature yake, poti sangasanduke madzi ngakhale mumupanikize chotani. Ya methane ndi 190.6 K, ya nitrogen 126.2 K, ya hydrogen 33 K, ya CO2 304.1 K kapena 31 °C. Hydrogen pa 77 K amafika pachimake cha m'ma 30 mpaka 40 bar pa makala a timabowo tambiri monga AX-21. Methane pa 298 K amatembenuka mochedwerako, kawirikawiri pakati pa 60 ndi 100 bar. Kutentha kukatsika chimake chimabwera msanga ndipo chimasongoka.

Njira yosiyanitsira kutsika koona ndi konama ndi iyi: jambulani excess moyang'anizana ndi density ya gasi, osati pulesha. Ngati muyeso uli bwino ndipo mwafika patali mokwanira, mbali yotsikayo imakhala mzere wowongoka. Kupendekeka kwake kumapereka V, ndipo pomwe mzerewo ungadule ziro mutauwonjezera ndiye density ya gasi womatirira. Tsopano yerekezani. V isapose kukula kwa timabowo tonse kumene munapeza ndi nitrogen pa 77 K. Density ikhale yoyandikira ya madzi a gasiyo: methane wamadzi ndi 422 kg/m³, hydrogen wamadzi 70.8 kg/m³. Mukapeza V yoposa timabowo kawiri, kapena excess ikulowa pansi pa ziro pa pulesha wamba, kutsikako si kwa Gibbs. Pitirizani kuwerenga.

Kabotolo kopanda makala

Ambiri amadumpha pano chifukwa cha changu, ndipo ndi pomwe pali yankho lotsika mtengo kuposa onse. Chotsani makala, yendetsani muyeso wonse ndi kabotolo kopanda kanthu, kapena muikemo timipira tachitsulo tomwe mukudziwa kukula kwake. Gasi akhale yemweyo, kutentha komweko, masitepe omwewo. Mzere uyenera kugona pa ziro kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ukapendekera m'mwamba kapena pansi mowongoka, malo opanda kanthu mwawayeza molakwika. Ukapindika ngati uta, makamaka pafupi ndi critical point, vuto ndi equation of state (masamu olumikiza pulesha, kutentha ndi density ya gasi) kapena kutentha. Ukamakwera malinga ndi nthawi imene muyeso watenga, gasi akuthawa penapake.

Gasi wothawa amanamiza moipa chifukwa makina amamuwerenga ngati womatirira. Isotherm imangokwera osagona, ndipo munthu amakondwa kuti wapeza makala apamwamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunatuluka malipoti akuti timachubu ndi timaulusi ta kaboni tingasunge hydrogen wochuluka modabwitsa pa kutentha kwa m'nyumba, ndipo malabotale ena atayesa kubwereza sanapeze zoterozo. Mbiri imeneyo ndi imene inachititsa kuti anthu a ntchitoyi azikayikira nambala yokoma kwambiri, ndipo inunso muziikayikira.

Kuti musiyanitse kuthawa ndi kumatirira kochedwa, yang'anani mmene pulesha ikutsikira pakapita nthawi. Adsorption imatsika mofulumira poyamba kenako n'kugona. Potulukira pamatsitsa pulesha mofanana ola ndi ola, osagona. Dzazani helium mpaka pulesha yaikulu imene mukufuna kufika, tsekani mavalavu, musiye usiku wonse, ndipo mulembe kutentha limodzi ndi pulesha kuti kuzizira kwa m'mbandakucha kusakunamizeni. Madzi a sopo pa zolumikizira amagwira ntchito ngati mmene wokonza njinga amapezera pobooka chubu, koma amangoonetsa zazikulu. Zing'onozing'ono zimabisala mkati, pa valavu yomwe siikutseka bwino pakati pa mbali ziwiri za makina. Ndinatayapo milungu iwiri ndikumanga ndi kumasula zolumikizira zakunja, pamene vuto linali fumbi la makala lomwe linauluka titatsegula vacuum mwamphamvu n'kukakhala pampando wa valavu. Kuyambira pamenepo sindiyeza makala aufa popanda kasefa ka 0.5 kapena 2 micron pakamwa pa kabotolo, ndipo vacuum ndimatsegula pang'onopang'ono. Magasiketi achitsulo a VCR musawagwiritse ntchito kawiri. Mphira za O-ring zimatupa ndi CO2 wa pulesha yaikulu, ndipo zimatha kung'ambika mukatsitsa pulesha mothamanga. Kumbukiraninso kuti hydrogen amayaka akakhala pakati pa 4 ndi 75 peresenti mumpweya, methane pakati pa 5 ndi 15, ndiye potulukira si nkhani ya manambala yokha.

Poyeza pobwerera, pamene mukutsitsa pulesha, mzere uyenera kuponda m'mapazi a popita. Gasi wa pamwamba pa critical temperature alibe chifukwa chochitira hysteresis pa activated carbon. Mizere iwiriyo ikasiyana, mwina gasi akuthawa, mwina simunadikire mokwanira.

Helium sanena zoona nthawi zonse

Malo opanda kanthu timawayeza ndi helium poganiza kuti iye samatirira. M'timabowo tochepera 2 nm, tomwe IUPAC imati micropores, makamaka tochepera 0.7 nm, helium amamatirira pang'ono ngakhale pa kutentha kwa m'nyumba, ndipo pa 77 K ndiye kwambiri. Helium womatirirayo amaoneka ngati malo owonjezera. Malo akaoneka aakulu kuposa mmene alili, makina amachotsa gasi wambiri, excess imatsika, chimake chimabwera msanga. Malo akachepetsedwa, zimachitika zosiyana ndi zimenezi.

Tiyeni tione kukula kwake ndi manambala. Methane pa 298 K ndi 100 bar ali ndi pafupifupi 4.7 mmol mu cm³ iliyonse. Mukaphonya malo ndi 0.1 cm³ yokha, komwe ndi theka la peresenti pa makina a 20 cm³, mwaphonya ndi 0.47 mmol. Ngati sampulo yanu ndi theka la galamu, kuphonyako ndi pafupifupi 1 mmol/g. Pa hydrogen wa pa 298 K ndi 100 bar kuphonya komweko kumapereka cha m'ma 0.15 wt% (peresenti ya kulemera), pamene makala abwino pamenepo safika n'komwe 1 wt%. N'chifukwa chake mankhwala oyamba ndi kuchulukitsa sampulo. Dzazani kabotolo, malo otsala mutseke ndi kandodo kachitsulo, mapaipi mufupikitse.

Pali mayeso achidule omwe ndimawakonda. Kuchokera pa muyeso wa helium werengerani density ya mafupa a makala, ndiko kuti kaboni yeniyeniyo popanda timabowo. Ya graphite ndi 2.26 g/cm³, ndipo activated carbon nthawi zambiri imagwera pakati pa 2.0 ndi 2.2. Mukapeza 2.5 kapena 3, dziwani kuti helium wamatirira kapena wathawa. Yezani helium pa kutentha kokwera, pomwe kumatirira kwake kumachepa, ndipo bwerezani pa mapulesha angapo kuti muone ngati yankho likukhazikika. Mukatha, mutulutseni bwino ndi vacuum ndi kutentha pang'ono, poti amakanirira m'timabowo topapatiza n'kusokoneza manambala oyambirira a isotherm.

Amene mukugwiritsa ntchito sikelo, monga ya maginito ya Rubotherm, simunathawe vutoli. Langosintha dzina n'kukhala buoyancy: gasi wothithikana amanyamula sampulo ndi kambale kake, ndipo kuti mukonze mukufunika kukula kwa mafupa komwe kuja, kochokera kwa helium yemwe uja. Ubwino wa sikelo ndi wakuti muyeso uliwonse umaima pawokha, pamene mu Sieverts cholakwika cha sitepe yoyamba chimanyamulidwa mpaka yomaliza. Ngati mukukayika, lumphani kamodzi kuchoka pa vacuum kufika pa pulesha yaikulu, muone ngati mufika pomwe masitepe 20 anakufikitsani.

PV = nRT imathera panjira

Pa 298 K ndi 100 bar, Z, nambala yoonetsa mmene gasi wasiyanirana ndi ideal gas (yemwe Z yake ndi 1), pa methane ndi pafupifupi 0.85, ya hydrogen pafupifupi 1.06. Wogwiritsa ntchito lamulo la ideal gas waphonya kale gasi wotayirira ndi 15 peresenti pa methane. Van der Waals ndi Peng–Robinson n'zabwino m'kalasi, koma pa ntchito iyi sizikwanira. Tengani equation of state ya Setzmann ndi Wagner ya 1991 pa methane, ya Span ndi Wagner ya 1996 pa CO2, ya Leachman ndi anzake ya 2009 pa hydrogen. Zonsezi zili mu pulogalamu ya REFPROP ya NIST, bungwe la miyeso la ku America, ndipo manambala ake mungawapeze kwaulere pa NIST Chemistry WebBook. Fufuzani imene pulogalamu ya makina anu ikugwiritsa ntchito, musangoganiza.

CO2 ndiye wovuta kuposa onse. Pa 40 °C density yake ndi pafupifupi 278 kg/m³ pa 80 bar, koma pa 100 bar yafika pafupifupi 629. M'dera limenelo kuphonya kutentha ndi 0.1 K kumaoneka pa isotherm ngati kadzenje kapena kachulu. Komanso pa 25 °C amasanduka madzi pa 64 bar. Ngati kabotolo kali pa 40 °C koma paipi ina kapena mutu wa choyezera pulesha uli pa kutentha kwa m'chipinda, CO2 adzakhala madzi pamalo ozizirawo ndipo makina adzati makala ameza. Mbali zonse zomwe gasi akudutsa zikhale pamwamba pa 31 °C, ndi mpata wokwanira.

Ngakhale pa methane, digiri imodzi si yochepa. M'makina a 20 cm³ pa 100 bar muli pafupifupi 95 mmol. Kuphonya ndi 1 K kumasuntha zoposa 0.3 mmol, ndipo pa sampulo ya theka la galamu ndi zoposa 0.6 mmol/g. Dzuwa lolowera pazenera, eyakoni yoyaka n'kuzima, magetsi othima pakati pausiku n'kuziziritsa bafa la madzi: zonsezi zimalembedwa mu isotherm. Gasi amatenthanso mukangomupanikiza m'chosungira, ndiye dikirani pulesha ikhazikike musanatsegule valavu yopita ku sampulo. Makala nawo amatentha pomeza gasi ndipo satulutsa kutenthako msanga, choncho thermocouple yakunja imatha kunena kuti zakhazikika pamene mkati mukadali mofunda.

Pa nitrogen wamadzi pali zinthu ziwiri. Nitrogen wamadziyo akamatsika mu dewar, chidebe chosunga kuzizira, malire a pozizira ndi pofunda amasuntha, ndipo gasi wa pa 77 K ndi wothithikana pafupifupi kanayi kuposa wa pa 298 K, choncho sungani mlingo pamalo amodzi. Chachiwiri amachiiwala ambiri: 77.4 K ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, nitrogen amawira cha m'ma 75.7 K. Yezani kutentha kwa bafa lanu, musakopere m'buku. Pa chifukwa chomwecho, ngati choyezera pulesha chanu ndi cha gauge, musangowonjezera 1.013 bar, tengani pulesha yeniyeni ya mpweya wa komwe muli.

Makala enieniwo

Apa sitichedwapo. Activated carbon imayamwa chinyezi, ndiye iumitseni pa vacuum cha m'ma 200 mpaka 300 °C kwa maola angapo, ndipo kulemera kolemba ndi kwa pambuyo poumitsa. Ngati munaika magulu a amine kapena a oxygen pamwamba pake, tsitsani kutentha kuti musawaotche. Isotherm ikamatsika ulendo ndi ulendo pa sampulo yomweyo, kayikirani gasi: madzi ndi ma hydrocarbon olemera amakanirira m'timabowo. Ndi vuto lomwelo limene limachepetsa mphamvu ya matanki a adsorbed natural gas, omwe amasunga gasi cha m'ma 35 bar m'malo mwa 200 kapena 250 ya CNG, gasi wongopanikizidwa popanda makala. Mu labotale gwiritsani ntchito gasi wa 99.999 peresenti.

Isosteric heat ikabalalika

Tiyerekeze kuti ma isotherm anu tsopano ndi oyera. Njira yodziwika ndi ya Clausius–Clapeyron: sankhani n imodzi, pezani pulesha yake pa kutentha kulikonse, jambulani ln P moyang'anizana ndi 1/T, kupendekeka kwake muchulukitse ndi −R (R wa mu PV = nRT). Njira imeneyi inabisa malonjezo atatu: kuti n ndi absolute, kuti gasi ndi ideal, ndi kuti gasi womatirira satenga malo. Pansi pa bar imodzi kapena ziwiri onse atatu amasungika ndithu. Pa pulesha yaikulu onse amasweka.

Mukalowetsa excess m'malo mwa absolute, pafupi ndi chimake mzere umagona, pulesha imasuntha kwambiri pa n yosintha pang'ono, ndipo isosteric heat yowerengedwa imathawira m'mwamba. Kupitirira chimake n imodzi ili ndi mapulesha awiri. Patsogolo pake ma isotherm amadutsana, wozizira amagwera pansi pa wofunda poti gasi wozizira ndi wothithikana, ndipo chizindikiro cha yankho chimatembenuka. Palibe chachilendo chimene makala achita, masamu ndiwo agwiritsidwa ntchito pomwe safika.

Konzani motere. Tengani model yofotokoza absolute, kaya Langmuir ya malo awiri, Tóth, Sips kapena Dubinin–Astakhov yosinthidwa monga anachitira Richard, Bénard ndi Chahine mu 2009, muichotsere ρ × V, kenako muigwirizanitse ndi ma isotherm onse nthawi imodzi, osati limodzi limodzi. Pa absolute imene mwapezayo gwiritsani ntchito Clapeyron yosadulidwa: q = T × ∂P/∂T × Δv, n isasinthe, pomwe q ndi isosteric heat ndipo Δv ndi malo a mole imodzi ya gasi wotayirira, ochokera ku equation of state yeniyeni, kuchotsapo malo a mole imodzi ya womatirira. Pa methane wa pulesha yaikulu njira ya ideal imakweza yankho mopitirira, chifukwa RT/P ndi yaikulu kuposa Δv yeniyeni. Ndinene poyera kuti V siyezeka mwachindunji, mumachita kusankha. Yesani zosankha ziwiri kapena zitatu muone mmene yankho likusunthira, ndipo polemba lipoti nenani imene mwatenga. Lipoti longoti absolute osatchula V yake silingayerekezedwe ndi la wina aliyense. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kudziwa gasi amene thanki ingasunge, absolute simukuifuna: tengani excess muwonjezere ρ kuchulukitsa ndi malo onse opanda kanthu a m'thankimo.

Kutalikirana kwa kutentha nako kuli ndi mbali yake. Ndi 298 K ndi 308 K zokha, kuphonya pulesha ndi 2 peresenti kumasuntha yankho ndi 1.5 kJ/mol. Pa CO2 mungapirire, pa hydrogen ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a yankho lonse. Yezani pa kutentha kutatu kapena kunayi, ndipo yang'anani ngati madontho a ln P ndi 1/T akupangadi mzere wowongoka. Kumunsi kwa isotherm kuli msampha wina: choyezera cha 200 bar cholondola ndi 0.1 peresenti ya mlingo wake wonse chingaphonye ndi 0.2 bar, ndipo pa 0.5 bar kumeneko ndi 40 peresenti. Isosteric heat ya pa n yochepa imafuna choyezera chaching'ono chapadera.

Manambala a isosteric heat oyembekezeka pa activated carbon wamba ndi awa: hydrogen 4 mpaka 7 kJ/mol, methane cha m'ma 15 mpaka 25, CO2 cha m'ma 20 mpaka 30. Amayamba pamwamba, poti timabowo topapatiza timadzaza poyamba, kenako amatsika n ikamakwera. Akayamba kukwera mwamphamvu kumapeto, bwererani mukaone ngati excess sinalowe m'masamu. Methane akatsika kupitirira 8.2 kJ/mol, komwe ndi kutentha kofunika kuti wamadzi asanduke mpweya, pamene timabowo tisanadzaze n'komwe, kayikirani model yanu kapena V imene mwasankha.

Mukachita zonsezi koma mtima sunakhazikike, yesani makina anu ndi chinthu chimene ena anayeza kale. NIST inatsogolera malabotale angapo kupanga ma isotherm oyerekezera: CO2 pa zeolite ya ZSM-5, yotchedwa RM 8852, pa 20 °C mpaka 45 bar, ndi methane pa zeolite Y, RM 8850, pa 25 °C mpaka 75 bar. Si makala, koma njira yowerengera gasi ndi yomweyo. Umitsani sampulo monga mwa malangizo ake, yendetsani muyeso kawiri ndi kulemera kosiyana, ndipo mizere yanu iwiri ikagwera pa wawo, bwezeranimo makala anu.